A Kopolo a pa Geti ndi Alick Nkhata: Asilikali Amene Anabwerako ndi Nyimbo

(NG'OMA YA MGANDA NDI MALIPENGA, MASEKONDI 20, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Inu amene muli m'nyumba, inu amene muli pa ulendo, makamaka inu alonda amene mwakumbatira kawailesi pa geti uku mukuwotha mbaula, sendezani mpando. Nkhani ya lero ikuyambira pa geti pomwepo.

Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, anthu amasonkhana pa chipilala cha chikumbutso ku Area 18, pafupi ndi Capital Hill muno mu Lilongwe. Ena amasonkhana ku Zomba, ena ku Mzuzu. Pa chifuwa pamakhala kaduwa kofiira. Ikakwana 11 koloko lipenga limalira, ndiye onse zii, mphindi ziwiri, kukumbukira amene anapita ku nkhondo. Mwambowu ndimaulemekeza. Koma ndikaima pamenepo ndimaseka chamumtima, chifukwa msilikali wakale amene ine ndinamudziwa sankatha kukhala chete ngakhale mphindi imodzi. Pakamwa pakapanda nyimbo pamakhala mluzu, mluzu ukatha phazi limayamba kugunda pansi.

Ndinakulira ku Area 12 m'zaka za m'ma 1980, bambo anga ali pa ntchito ya boma. Likulu linali litangosamukira kuno mu 1975, mitengo ya m'mipanda isanatalike monga mukuionera lero. Pa nyumba yoyandikana ndi yathu panali mlonda wachikulire, wa kwawo ku Ntchisi, amene ankakhala ku Kauma. Dzuwa likapendeka ankatulukira pa njinga yake yakuda, chijasi atamangirira pa kaliyala. Dzina lake sindilitchula. Ngakhale pa nthawiyo sitinkawatchula dzina, mzere wonse unkangoti a Kopolo.

Tsiku lina anandikodola pa mpanda.

"Iwe mdzukulu, tabwera. Maso ako ngakuthwa. Kayang'ane m'makona a galaja ya bambo ako, ukapeza kanthu koyera kamene kangaude amamata pa khoma. Ukasende bwinobwino, usakang'ambe."

"N'kachiyani, agogo?"

"Pita kaye. Mafunso pambuyo, ndiwo usilikali."

Ndinabwera nako pa chikhatho, kopepuka ngati mpweya. Iwo anatulutsa chipanda chouma cha khosi lalitali, choboola kumapeto ndi m'mbali, namata kanembanemba kaja pa bowo ndi phula. Anadikira kuti kagwire. Kenaka anaika pakamwa, n'kung'ung'udza nyimbo m'menemo. Abale, chipanda chija chinalira ngati lipenga la mkuwa la bandi ya ku Kamuzu Barracks. Agalu a mzere wonse anayankha. A Kopolo anadzuka pa benchi, msana nganganga, chibwano m'mwamba, mapazi akusinthana pang'onopang'ono ngati sakufuna kudetsa nsapato. Munthu amene ankatsika pa njinga akudandaula mawondo uja sanaonekenso.

(KULIRA KWA LIPENGA LA CHIPANDA, MASEKONDI 10)

WOULUTSA: Chimene mwamvacho chili ndi mbiri, ndipo mbiri yake ndi ya nkhondo.

Gulu la asilikali la King's African Rifles, lija timangoti KAR, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse sinatichedwere. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaphwanya sitima ya Majeremani pa doko la Sphinxhaven, tsidya lija la nyanja yathu, ndipo pa 9 Seputembala mfuti zinali zikulira pa Karonga. Makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino anavala yunifolomu, koma amene anasenza katundu, amtengatenga, anayandikira 200,000. Ambiri mwa amene anafa anatha ndi njala ndi matenda, osati chipolopolo. Pachiyambi pomwe, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, kudandaula kuti osauka akufera nkhondo imene si yawo.

Otsala anabwerera kumudzi. Chuma sanabwere nacho. Koma anali ataona perete, ataona bandi ikuguba ndi malipenga onyezimira, ataona bwana akuyendera mzere kuyang'ana mabatani. Zimenezi anazitenga n'kuzisandutsa gule. Kwa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba kunakhazikika beni, amene anachokera ku gombe la Kenya ndi Tanganyika, ndipo dzina lakelo ndi mawu oti bandi atapindika pa lilime. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay, mpaka ku Rumphi ndi Karonga, kunabuka malipenga. Kuno ku chigawo chapakati, ku Ntchisi, Dowa, Kasungu, Nkhotakota, ndi mganda, umene umavinidwanso ku Lundazi m'dziko la Zambia.

Taonani nzeru zake. Gulu la ovina malipenga limatchedwa boma. M'bomamo muli mfumu, muli akuluakulu a maudindo a usilikali, muli ngakhale dokotala ndi namwino oyendera mzere kuona ngati ovina asamba, ngati kabudula ndi woyera, ngati sitokosi zafika m'mawondo. Ena amati kunali kusirira mzungu. Ine ndimakana. Munthu amene wakusenzetsa katundu kuchokera ku Karonga mpaka m'nkhalango za Tanganyika, iwe n'kubwera kumudzi, kutenga chipanda ndi ukonde wa kangaude, n'kupanga boma lakolako lokhala ndi mfumu yakeyake, kumeneko si kusirira chabe. Muli chipongwe, muli kunyada, mulinso kudzichiritsa.

A Kopolo anabadwa mganda ulipo kale. Yawo inali nkhondo yachiwiri, imene inatenga amuna pafupifupi 30,000 a dziko lino. Anyasa anamenya ku Somaliland mu 1940, ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942, kenaka anakwera sitima za pamadzi ku Mombasa kupita ku Ceylon, mpaka ku Burma kukakumana ndi Majapani. Mu 1944 gulu lalikulu la asilikali a kum'mawa ndi pakati pa Africa, la nambala 11, linatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata, kulunjika ku mtsinje wa Chindwin. Chigwacho chinatchuka ndi malungo, matope ndi misundu.

Za kuwombera a Kopolo sankanena. Ndikawafunsa kuti, "Agogo, munapha angati?" ankangotakasa makala m'mbaula. Koma za misundu ankakamba mpaka ine tulo. Ankati ikakumata pa mwendo suikoka, umaiyandikiza ndudu yoyaka. Ankatinso chimene chinkawasunga usiku, zovala zili chinyowere sabata yathunthu, chinali kung'ung'udza nyimbo za kwawo chapansipansi, chifukwa kukweza mawu kunali kuitana imfa. Mamendulo awo ankasunga m'kachitini ka polishi, atakulunga m'kansalu. Chipanda chija ankachisunga m'thumba la m'kati la chijasi, cha pamtima. Muone nokha chimene chinali cha mtengo kwa iwo.

Ndi pa benchi pomwepo pamene ndinamva koyamba dzina la Alick Nkhata. Kawailesi kawo kanali kakuimba nyimbo ya gitala, iwo n'kupukusa mutu.

"Ana inu simunamve kanthu. Mukanamva Nkhata wa ku Lusaka. Mnzathu wa ku Burma ameneyo."

"Munkadziwana, agogo?"

"Ayi, sitinaonanepo. Koma matope tinaponda amodzi."

(NYIMBO YA ALICK NKHATA, GITALA NDI MAWU, MASEKONDI 30)

WOULUTSA: Alick Nkhata anabadwa mu 1922 ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene panthawiyo linali Northern Rhodesia. Mayi ake anali Mbemba, bambo ake Mtonga, ndipo dzina lokhalo likukumbutsani kale za ku nyanja kwathu. Anaphunzira za uphunzitsi, koma nkhondo inamutenga, n'kukafika naye ku Burma. Atabwerako sanabwerere ku choko. Anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu uja ankayenda ndi galimoto yodzaza makina ojambulira mawu m'midzi ya kum'mwera, pakati ndi kum'mawa kwa Africa. Tracey yemweyo anafika kuno ku Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958, ndipo zimene anajambula zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954, pano ili ku Rhodes University ku South Africa. Pa ntchito imeneyi Nkhata anaphunzira kumvetsera nyimbo ya kumudzi monga mmisiri amayang'anira mpando, kufuna kudziwa kuti mwendo uwu walumikizidwa bwanji.

Kenaka analowa wailesi. Apa ndiime pang'ono, poti ife a ntchito ino timaiwala kumene tinachokera. Wailesi ya ku Lusaka inayamba mu 1941, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuuza anthu za nkhondo, makamaka mabanja amene ana awo anali ku usilikali. Choncho chipangizo chimene mwagwira m'manjachi nachonso ndi mwana wa nkhondo, monga mganda. Nkhondo itatha, wailesiyo inakula n'kukhala Central African Broadcasting Service, youlutsira anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkalankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. MBC yathu inadzabwera mu 1964. Isanabwere, wa ku Dedza kapena ku Mulanje akafuna kumva chinenero chake m'mlengalenga, ankatchera ku Lusaka.

Vuto linali loti ndani akanatha kugula wailesi? Mkulu wa zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, anayenda m'makampani a ku Britain kufuna wina woti apange wailesi yotsika mtengo, yoyendera batire, yopirira fumbi ndi tizilombo. Kampani ya Ever Ready inavomera, ndipo mu 1949 inatulutsa Saucepan Special, wailesi yozungulira ngati sefuliya yophikira, yopaka utoto wabuluu, pa mtengo wa mapaundi 5, batire payokha. A Kopolo ankati kwawo inalipo imodzi, ya munthu wina wobwera ku Joni, ndipo madzulo mudzi wonse unkakhala pa bwalo pake. Pulogalamu imene inkakondedwa koposa inali ndi dzina la Chinyanja, Zimene Mwatifunsa. Anthu ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale amene ali ku migodi ya Copperbelt, ku Wankie kapena ku Salisbury. Kwa mayi amene mwamuna wake anapita ku Harare zaka zitatu zapitazo osalemba kalata, kumva dzina lake likutchulidwa m'sefuliya muja sichinali chinthu chamasewera.

M'nyumba youlutsira mawu imeneyo ndi mmene Alick Nkhata anakhala mwini bwalo. Anali muulutsi, womasulira, wojambula oimba anzake, komanso woimba. Anali ndi gulu la anthu anayi lodziwika ndi dzina lake, ndipo pambuyo pake panabwera Lusaka Radio Band, imene inadzatchedwa Big Gold Six. Luso lake linali lotere: ankatenga nyimbo ya pamtondo, ya paukwati kapena ya pamowa, n'kuikhazika pa gitala, mawu atatu kapena anayi akuyenda pamodzi mosalala, koma fungo la kumudzi osachoka. Ankaimba m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zinenero zina. Nkhani zake zinali za anthu amene angofika kumene m'tauni: mnyamata wotha malipiro pa zovala, banja logwedezeka chifukwa cha mowa, chikondi cha pa mtunda wautali. Ankalangiza, inde, koma moseka, monga amachitira malume wabwino, osati monga mlaliki.

Ndikamamvetsera mbale zake lero, ndimamva chinthu chimodzi ndi chipanda cha a Kopolo. Onse awiri anatenga cha mlendo, wina lipenga wina gitala, n'kuchiphunzitsa kulankhula chakwathu. Ndipo sanali okha. Akuluakulu a zoimba kuno amanena kuti magitala ndi mabanjo anachuluka m'midzi yathu nkhondo yachiwiri itatha, pobwera asilikali ndi amatchona, ndipo m'mabanjo amenewo ndi mmene munadzatuluka oimba a m'mabotolo sitolo ndi m'misika amene tinakula tikuwamva.

Musaganize kuti ntchito ya pa wailesi inali ya mtendere. Cha m'ma 1952 ndi 1953, pamene azungu ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu anakwiya, ndipo mkwiyo unasanduka mphekesera. Ku Northern Rhodesia kunamveka za banyama, amene kuno timati anamapopa. Aulutsi akuda a ku Lusaka, poti ankawerenga nkhani za boma zoyamikira chitaganya, anayamba kulozedwa zala kuti agulidwa, kuti ndi a gulu lomwelo. Peter Fraenkel, amene ankagwira nawo ntchito, analemba za mantha amenewa m'buku lake la mu 1959 lotchedwa Wayaleshi. Tangoganizani: masana mawu ako akukondedwa m'maiko atatu, usiku ukuopa kuyenda wekha m'komboni. Ife amene tinaona za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 tikudziwa kuti mphekesera yotere siseketsa.

Nkhata sanathere kumbali ya chitaganya. Pa nthawi yomenyera ufulu anaimba nyimbo zolimbikitsa chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda, ndipo Zambia italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, anakwera mpaka kukhala mmodzi wa atsogoleri a wailesi ya dzikolo. M'zaka za m'ma 1970 anapuma, n'kupita kukalima ku Mkushi. Munthu wapulumuka ku Burma, wapulumuka mphekesera, waona ufulu, tsopano akuweta ndi kulima, gitala ili pa khoma. Aliyense akanati ameneyu adzafa ndi imvi, adzukulu atamuzungulira.

Koma akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali itafika pa moto. Asilikali a ZIPRA, a Joshua Nkomo, anali ndi misasa m'Zambia, ndipo umodzi, wa atsikana, unali ku Mkushi. Pa 3 Seputembala 1978 a ZIPRA anagwetsa ndege ya anthu wamba ya Air Rhodesia. Pobwezera, pa 19 Okutobala, ndege ndi asilikali a boma la Ian Smith analowa m'Zambia, naphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, nafikanso ku Mkushi. Tsiku limenelo, pafupi ndi munda wake, Alick Nkhata anaphedwa. Anali ndi zaka 56. Nkhondo imene inamulephera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu inadzamupeza pakhomo, atavula kale yunifolomu zaka zoposa 30.

(KACHETECHETE, MASEKONDI 3)

WOULUTSA: Mukapita ku Lusaka lero mudzapeza msewu wotchedwa Alick Nkhata Road, ndipo nyumba za wailesi ndi kanema wa ZNBC zili m'mbali mwa msewu womwewo. Nyimbo zake zina zinasonkhanitsidwa n'kutulutsidwanso ku London mu 1991 ndi kampani ya RetroAfric. Mawu ake alipo. Mwana wobadwa dzulo akhoza kuwapeza pa foni.

A Kopolo anafika pa ukalamba umene Nkhata sanaulawe. Koma mawu awo kulibe kumene mungawapeze, ndipo mlandu umenewu ndi wanga. Kunyumba kwathu kunali wailesi ya kaseti, ya mabatani asanu, lofiira lojambulira. Ndinkajambulira nyimbo za kunja Loweruka masana, kaseti pamwamba pa kaseti. Sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi kuti ndiinyamule, ndidutse mpanda, ndiike pa benchi paja. Mtunda wake sunkakwana mayadi 20.

Chimene ndinatsala nacho ndi tsiku limodzi. Linali la chisangalalo cha ufulu, 6 Julaye, kukuzizira monga kumachitira muno mu Lilongwe. Anyamata a ku Kauma, ambiri a iwo ogwira ntchito m'mayadi ndi m'makhitchini a ku Area 12 ndi Area 10, anali ndi kagulu kawo ka mganda, ndipo a Kopolo ndiwo ankawaphunzitsa. Ndinazemba kunyumba n'kuwatsatira. Pa bwalo lafumbi anyamata anaima mizere, makabudula oyera owongoledwa ndi simbi ya makala, mipango m'manja, ng'oma yaikulu itapachikidwa pa mtengo wa mphanda. A Kopolo anayenda mu mzere manja kumbuyo. Anaima pa mnyamata wina wamtali.

"Mphwanga, sitokosi iyi yagwa chifukwa chiyani? Wadwala?"

"Iyayi, madala, lasitiki yatha."

"Ku Burma tinkamanga ndi luzi. Thamanga."

Anthu anafa nacho chiseko, mnyamata n'kuthamangadi kukasenda luzi. Atabwera, wezulo inalira, ng'oma inagunda, zipanda khumi ndi ziwiri zinayankha pamodzi. A Kopolo sanavine nthawi yaitali, mwina mphindi zitatu. Koma amayi analulutira, wina n'kuthamanga kukawapukuta thukuta pa chipumi ndi chitenje, wina kuwaika 10 tambala m'thumba la malaya. Tsiku limenelo mamendulo anali pa chifuwa, ndipo ankalira ngwee ngwee motsatana ndi phazi.

Patapita zaka ziwiri maso anayamba kuchita khungu, ntchito ya ulonda inatha, anabwerera ku Ntchisi. Pa geti panabwera mnyamata wa kampani, wa yunifolomu ndi chibonga. Uthenga wa maliro unatipeza mochedwa, mwezi utatha, kudzera kwa mayi wina wogulitsa masamba amene ankayenda m'mizere yathu ndi dengu pamutu. Anati pa manda anyamata anaimba malipenga. Mayi anga anandituma kukatenga ndalama ya masamba m'nyumba, ndipo podutsa pa galaja ndinaona kangaude atamatanso koyera kaja pa kona pomwe paja.

Nthawi yathu yatha, omvera. Amene ali pa makina usiku uno akundikodola pa galasi. Tikusiyani ndi Alick Nkhata, nyimbo yotchedwa Shalapo. M'Chibemba, mawu amenewa ndi amene munthu amanena ponyamuka, kuuza otsala kuti tsalani bwino. Inu a pa geti, onjezerani makala, kunja kwazizira.

(NYIMBO: SHALAPO, MPAKA KUMAPETO)